Mbiri ya bambo inathera pakati

Bambo anga sankakhulupirira pepala lolemba pamanja. Anakhala tenanti pa esiteti ya fodya ku Mkanda zaka zambirimbiri, ndipo anaona okha kuti pepala lomwe anthu amalipatsa ulemu ndi lotayipa. Lolemba pamanja, ankatero, mawa lomwe wina apichiramo chingambwe. Ndiye nditapeza ntchito yotayipa pa sukulu ina ya sekondale pafupi ndi boma la Mchinji, iwo anati nthawi yakwana yoti mbiri yawo ilembedwe.

Anachoka ku Phalombe ali mnyamata atayambana ndi amalume awo, ndipo dzina la mudzi wawo sankalitchula m'nyumba. Malemu amayi anali a ku Mavwere, choncho ife ana tinali ndi kwathu. Amene analibe kwawo ndi iwo. Atakalamba mtima unafewa, ndipo ankafuna kuti mudziwo ndi mayina a abale zikhale papepala, kuti tsiku lawo likadzafika tidzadziwe kotumiza uthenga.

Loweruka lililonse ankapalasa njinga kubwera ku ofesi, n'kukhala pampando wa alendo chipewa chili pabondo. Koma bambo anga kulankhula! Nkhani ankayamba nayo kutali. Lole yomwe inawabweretsa inatidyera tsiku lathunthu. Ndikati, "Bambo, nanga mudzi uja?" ankati, "Tifika, iwe. Usandithamangitse ngati kapitawo."

Sabata yachinayi kompyuta inatikana. Inali yothandizidwa ndi anthu akunja, ndipo pulogalamu yolembera inayamba kufuna manambala achinsinsi omwe amachita kugula pa mtengo woti sukulu yathu sikanaufikira. Zolemba zinkatseguka, koma kuwonjezerapo ngakhale chilembo chimodzi, ayi. Ahedi anati alembera kalata eni ake aja.

Patapita masiku, aphunzitsi a sayansi anabwera ndi sidi ya kompyuta kuchokera ku Lilongwe.

"Achemwali, muli pulogalamu ina umu. Imagwira ntchito yomweyo, ndipo ndi yaulere. Si yakuba ayi, eni ake amachita kugawa."

Anaiikamo. Ndinaitsegula kamodzi, ndinapeza mabatani ali malo ena, zala zanga zikuphonya ngati za wophunzira kumene, ndipo ndinapsa mtima n'kuitseka. Zaulere tinkazidziwa ife: mbewu yofika mvula itapita kale, zovala zoti wina watopa nazo. Komanso ndisabise, ndinali wonyada. Setifiketi yanga inali ya pulogalamu yodula ija, ndipo sindinkafuna kuti mphunzitsi wa sayansi azindilozera pobaya mu ofesi yanga yomwe. Mayeso a ana ndinabwerera nawo pa tayipi yakale.

Bambo atabwera ndinawauza kuti tidikire.

"Makina afa?"

"Ayi, tikudikira pulogalamu yeniyeni."

"Nanga ilimoyo ndi yabodza?"

"Ndi yaulere, bambo."

Anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa. "Basi tidikire. Mbiri yanga isalowe m'zotola."

Anabweranso kawiri, n'kubwerera osalembetsa kanthu. Ulendo wachiwiriwo ndinaona kuti njinga akuchita kukankha pokwera kamtunda ka pageti, akutsokomola. Kenako anasiya kubwera. Nditapita kukawaona ku Mkanda ndinatenga kope ndi bolopeni, koma anakana. Anati akachira tikamaliza pamakina, zinthu zikhale zolongosoka. Ndikanaumirira akanalola, ndikudziwa. Ine ndinabweza kope m'chikwama mosavuta, chifukwa mumtima ndinkagwirizana nawo.

Anamwalira m'nyengo yozizira, fodya akusankhidwa. Akuluampingo anati ndibweretse mbiri yoti idzawerengedwe pamaliro. M'mawa mwake ndinathamangira kusukulu, ndipo aphunzitsi aja, osandinena ngakhale pang'ono, ananditsegulira pulogalamu yawo ija. Zolemba za bambo zinatseguka zonse bwinobwino. Ndinayesa kulemba, zilembo zinabwera. Pasanathe mphindi khumi zala zinali zitazolowera, moti ndinawonjezera tsiku lomwalira ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu popanda vuto lililonse. Pamenepo m'pamene ndinalira, kuposa mmene ndinalirira nditamva uthenga. Chinthucho chinali pamenepo miyezi iwiri yathunthu, chikundidikira.

Anali masamba atatu. Munali lole, munali esiteti yoyamba, munali njinga yomwe anagula atagulitsa fodya wabwino, ndi mmene anakumanirana ndi amayi ku chigayo. Mudzi munalibe. Tinafunsa matenanti anzawo ochokera komweko, ndipo aliyense ankatchula dera lake, wina kuseri kwa phiri, wina kufupi ndi malire. Uthenga sitinautumize kulikonse.

Akuluampingo anawerenga masamba onse atatu, ndipo anthu anayamikira kuti mbiri yotayipa bwino chonchi sanaionepo pamaliro a tenanti. Atatha, woyendetsa mwambo anaitana akubanja kwa amayi. Amalume anga anaimirira n'kulankhula mwachidule. Kenako anati, "Tsopano timve kuchokera kwa abale a malemu, akwawo kumene anabadwira."

Panali zii. Anaitananso kachiwiri, mokweza, poganiza kuti mwina akhala kumbuyo. Anthu anatembenuka kuyang'anayang'ana. Ine ndinali pamphasa pafupi ndi bokosi, ndipo ndinkadziwa kuti palibe amene aimirire.