Tsiku lomwe ndinafufuta achemwali

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndiye mwana wanga atandisiyira kompyuta yake yakale sindinaiope. Ndinalembetsa maphunziro a pa intaneti, ophunzitsa kulamula kompyuta ndi kumanga detabesi, yomwe ndi nkhokwe chabe ya mayina ndi manambala. Mphunzitsi wake anali mzungu wa m'kanema, wolankhula ngati akuthawa mvula. Ukamufunsa sayankha. Netiweki ikachoka ankauma kukamwa kuli yasa, ine n'kumamudikira pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala.

Anati tilembe abale athu, aliyense amangiriridwe kwa kholo lake. Iye anamangirira kwa bambo. Ine ndinakana, kwathu kuno mwana ndi wa mayi ake. Ndinaika malemu achemwali anga pamwamba, dzina langa pambali, ana awo pansi pawo, zidzukulu pansinso. Mayina a zidzukuluzo sindinkawadziwa, pakuti zaka zomwe ankabadwa ndinali kutali ndipo sindinkabwera. Ndinachita kuwapempha pa sadaka yokumbukira malemuwo kwa mwana wamkulu wa achemwaliwo, iye akutchula monyinyirika, ine ndikutayipa ndi chala chimodzi.

Kenako linabwera phunziro la lamulo lofufutira. Mzungu anati tichotse munthu mmodzi amene salinso nafe. Atangotero, netiweki inachoka. Amene salinso nafe ndani, kupatula achemwali? Ndinalemba lamulo lija bwinobwino, n'kudina.

Mbumba yonse inasowa. Munatsala dzina langa lokha.

Netiweki itabwerera, mzunguyo anapitiriza mosatekeseka kuti tisamale, ukachotsa kholo onse omangiriridwa pansi pake amapita nalo. Bwanji osayamba ndi zimenezo?

Ndinapalasa njinga mpaka ku Kachulu, komwe mwana wa achemwali uja amayanika matemba.

“Amalume, mwabweranso ndi chikompyuta chanucho?”

“Mayina aja asowa. Ndinawafufuta mayi ako.”

“Amayi mwawafufuta? Akulakwiraninso chiyani ali kumandako?”

“Ndi mphunzitsi anandisokoneza. Tanditchulirenso, sitichedwa.”

Anatembenuza nsomba pa thandala osandiyang'ana.

“Kawiri ayi. Ana ali ndi pakamwa, makomo awo mukuwaona. Kawafunseni okha.”

Ndinakwiya njira yonse, kutukwana mzungu, netiweki ndi njinga yomwe. Maphunziro anaima kaye. Achemwali ndinawabwezera pamwamba, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kompyuta ili m'thumba la mpunga. Mdzukulu woyamba amene ndinamupeza anali mayi wa mwana kumbuyo, akupeta pabwalo. Anandiyalira mkeka, n'kugwada, n'kufunsa mwaulemu kuti kaya ndine ndani.