Mzere umene Che Yusufu anausiya osalemba

Lamulungu masana, kuseri kwa shopu yometera ya a Gibisoni pa Balaka, amuna atatu a ndevu zawo ndi mayi mmodzi wolemekezeka tinatha maola awiri tikulephera kupanga munthu. Musathamangire kwa abusa. Ndikunena munthu wapapepala.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka. Anzanga anabwerako ndi madigiri, ine ndinabwerako ndi madayisi awiri komanso masewero ena ake. Zifukwa zake tidzakambirana kumwamba.

Masewerowa amayenda chonchi. Aliyense amapeka munthu wake n'kumulemba papepala: dzina, kwawo, zimene amatha. Ine ndimafotokoza nkhani. Ndimati, "Mwafika pamlatho, pansi pake pakulira khanda, koma mudzi uli kutali. Mutani?" Wosewera amanena zimene munthu wake achite, n'kuponya madayisi, ndipo nambala yotulukayo ndi imene imagamula ngati zatheka. Tauni ya m'nkhaniyo ndi yodzaza mizukwa ndi ndondocha.

Buku la malamulo, limene ndimasunga mufoni, limalola wosewera kukhala mfiti kapena munthu wosanduka fisi. Tinayesa kamodzi. A Gibisoni anatengeka, n'kukuwa kuti, "Ine ndauluka, ndatera padenga la tchalitchi!" Kasitomala amene amadikira pabenchi ananyamuka mwaulemu, tsitsi lake lili lonse, ndipo mpaka lero amametetsa ku Liwonde. Kuyambira tsiku limenelo tinakhazikitsa lamulo: pa tebulo lino aliyense ndi munthu wamba. Nyumba zathu n'zalendi, sitingazitenthetse chifukwa cha madayisi.

Koma munthu wamba wa m'bukumo ali ndi galimoto, mfuti, loya wake ndi dokotala wake. Kuno munthu woteroyo tikanamupempha kuti aimire uphungu. Ndiye ndinalemba ndekha mndandanda wa maluso a kwathu kuno, ndipo aliyense ndimamupatsa njere makumi awiri za nandolo kuti agawe pa maluso amene akufuna. Njere zambiri, luso lalikulu.

Munthu wanga woyamba ndinamuthira njere khumi ndi zisanu pa maphunziro. Anafa patsamba loyamba. Ndondocha sinafunse setifiketi. Achemwali Esinati, amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo chino ndi chaka chachitatu akudikira kulembedwa ntchito, anangoti, "Bola ndondochayo inakuitanani pa intavyu."

Tsono Lamulunguli inali nthawi ya Che Yusufu kupanga munthu watsopano.

Che Yusufu kwawo ndi ku Nselema, amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Poyamba anatha mwezi wathunthu akungotiyang'ana, kufuna kutsimikiza kuti si juga. Ataona kuti palibe amene amapindula kanthu, anati zimenezi n'zololedwa, sizikusiyana ndi ulimi wa thonje.

Panali nkhani imene tonse timaidziwa koma tinagwirizana kusaitchula. Achimwene awo a ku Joni anawaitana, ndipo bambo wonyamula anthu pamsewu umenewo amafuna yankho pofika Lachitatu. Ndivomere pamaso panu kuti ndinakonza dala nkhani yaitali, ya miyezi itatu. Ndimaganiza kuti munthu akayamba nkhani safuna kuisiyira panjira. Nzeru za chaka ndi theka zimenezo.

Munthu wawo anamutcha Saidi. Njere zinayi anaika pa kukonza zinthu ndi waya. Zitatu pa kudziwa njira zachidule kuchokera ku Nselema mpaka ku Ngokwe. Zitatu pa zilankhulo, Chiyao, Chichewa ndi Chilomwe chopemphera madzi. Zinayi pa kusambitsa maliro.

"Limenelo ndi luso?" anafunsa a Gibisoni.

"Inu mukaona mtembo mumayamba nyimbo," anatero Che Yusufu. "Saidi amatenga sopo."

Njere zotsalazo anazigawa pa kugona ndi njala osakwiyira munthu, ndi kudziwa kuti uje ndi m'bale wake wa uje.

Ndikuuzeni monga katswiri yekhayo wa zimenezi pakati pa Rivirivi ndi Shire: munthu wopangidwa bwino chonchi sindinamuonepo. Ongoyamba kumene amathira njere zonse pa mphamvu, kuiwala kuti mzukwa sumenyeka chibakera. Munthu wamba amapulumuka chifukwa akagogoda pakhomo la eni, amamutsegulira. Amapulumuka chifukwa unyolo ukaduka m'tchire sadikira thandizo. Saidi ndikanamuponya pakati pa manda, akanatulukamo atapeza msuweni wake.

Panatsala mzere umodzi, wapansi penipeni. Pamenepo pamalembedwa chifukwa chimene munthuyo sakuthawira m'tauni ya mizukwayo.

Mzere umenewu si wokongoletsa pepala. Popanda iwo nkhani imatha pa mphindi zisanu. Munthu wanzeru zake akamva mapazi akuyenda padenga masana dzuwa likuswa mtengo, safufuza, amakwera minibasi. Ndiye payenera kukhala chinthu chomumanga.

Che Yusufu anagwira cholembera, n'kuchiika pansi.

"A Pulofesa, pano tilembepo chiyani?" anandifunsa, poti pa tebulopo ndilo dzina langa.

"Lembani kuti ali ndi amayi okalamba."

"Amayi ake nyumba ikudontha. Akufuna malata. Nkhope yake anaiona kale."

"Mkazi ndi ana, nanga?"

"Mkazi wakeyo ndi amene wamusitira malaya a paulendo."

"Munda," anatero a Gibisoni. "Mwamuna sasiya munda."

"Munda ndi umene unayamba kumusiya, aise. Chaka chino chimanga chinathera m'mawondo."

Apa ndinaona kuti zafika pofunika mwambi. Ndinakhosomola ngati mkulu wa mpingo, n'kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

"Njokayo inali ndi ana angati kusukulu?" anafunsa Che Yusufu, osaseka n'komwe.

Achemwali Esinati anayesa mbali ina. "Lembani kuti amakonda dziko lake."

Kunja kunadutsa wakabaza atanyamula mbuzi, tonse tinamuperekeza ndi maso mpaka anakhota.

Kenako Che Yusufu anati, "Chabwino, inuyo munalemba chiyani? Mwina ndionere."

Tinatulutsa mapepala athu. Achemwali Esinati anawerenga awo: akudikira kuitanidwa ntchito. A Gibisoni: alibe pasipoti. Ine ndinayang'ana langa, limene ndinalemba ndekha chaka chatha ndi dzanja labwino kwambiri, mwina ndikuseka. Alibe kopita.

"Ndiye anthu anuwa sanasankhe kukhala iyayi," anatero Che Yusufu. "Angokanirira ngati minibasi yopanda mafuta."

Awerengi okondedwa, ndinafuna kutsutsa. Kutsutsa ndi phunziro lokhalo limene ndinakhoza. Koma ndinangopinda pepala langa n'kulibweza m'thumba.

Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikudzitama kuti ndimadziwa kupanga anthu wamba olimba, ndipo sindinazindikire kuti onse amene ndawalola kulowa m'nkhani ndi anthu osowa pothawira. Tsiku limene panabwera munthu wokwanira, wotha zinthu, wodziwa njira, pepala linakana kudzaza.

Kodi si mmene tikuchitira kunja kwa masewero? Mwana timamuphunzitsa kupirira, kulemekeza akulu, kukonza chowonongeka, kuyenda mtunda wautali osadandaula. Timamugawira njere zathu zonse mosamala. Akakwanira, timamuperekeza pa siteji. Yendani msewu wa ku Nselema muone nyumba za malata atsopano, mufunse mwini wake ali kuti. Akuyankhani monyadira, ndipo sindikuwanena. Nanenso ndikanakhala ndi mchimwene ku Joni bwenzi ndikumutchula pa maliro aliwonse.

Timakonda kunena kuti Mmalawi ndi wopirira, ngati kuti kupirira ndi malo okhala. Anzathu a m'maofesi amabwera ndi magalimoto kudzaphunzitsa achinyamata maluso, n'kujambulitsa nawo zithunzi. Maluso alipo, mabwana. Che Yusufu akhoza kukonza njinga ndi supuni. Chimene chikusowa ndi mzere wapansiwo, ndipo sindinamvepo msonkhano wokambirana umenewo.

Mizukwa ya m'nkhani zanga ili ndi ubwino umodzi: ili ndi malamulo. Ukaidziwa dzina imabwerera, ukaika maliro moyenera imagona. Munthu wamba akhoza kuigonjetsa ndi nzeru komanso anzake atatu. Zimene zikuthamangitsa anthu kuno zilibe dzina loti uzitchule, zilibe manda oti ukakonze. Zimangokhala nawe m'nyumba, kudya nawe mbale imodzi.

Lamulungu lija ndinayesa njira yomaliza. Ndinati popeza malamulowo woyang'anira wake ndine, Saidi alowe m'nkhani mzerewo uli wosalemba, tidzaganiza m'tsogolo.

"Iyayi, a Pulofesa, musaphwanye lamulo chifukwa cha ine," anatero. "Lamulo lanulo n'labwino. Munthu wopanda chomugwira asamanamize anzake kuti akhala."

Anasonkhanitsa njere zake zonse makumi awiri n'kuzibwezera m'mbale, imodzi imene inagwa pansi anaitola n'kuipukuta. Pepalalo anandipatsa ine. Anati ndidzapatse wina amene angamalize.

Lachitatu anapereka yankho. Lachisanu atatuluka mumzikiti anadutsa pashopu atanyamula chikwama chimodzi ndi jekete la achimwene awo, lalikulu mapewa. A Gibisoni anawameta ulere, mosamala kuposa mmene amametera ife. Ine ndinakonza mawu anzeru oti ndinene, koma chimene chinatuluka n'chakuti akafika atumize uthenga.

"Inshaallah," anatero. "Khanda la pansi pa mlatholo musalinyamule. Ndakuuziranitu."

Pepala la Saidi lili pano pamene ndikulemba. Ndakhala nalo masiku angapo, cholembera chili m'manja. Ndalemba n'kufufuta mpaka pamzerewo patsala pang'ono kubooka.

Ndiye ntchitoyi ndaipereka kwa inu, makamaka amene munamaliza sukulu. Mwamuna wa zaka makumi atatu, wa manja aluso, wolankhula zilankhulo zitatu, wosaopa mtembo. Ndipatseni chifukwa chimodzi chimene angakhalire kuno. Chisayambe ndi mawu akuti "alibe", ndipo chisayambe ndi "akudikira".

Mukachipeza musachedwe nacho. Dzulo achemwali Esinati andifunsa kumene amajambula zithunzi za pasipoti.