Mayunitsi Amene Ankatha Nthawi ya Nkhomaliro

Pa boda ya Mchinji panali kaofesi ka m'kontena komwe ndinkapitako pafupipafupi pa njinga yanga yamoto, kuchokera ku boma kumene ndili ndi kashopu kokonzera makompyuta. Mwini ofesiyo anali bambo wojintcha, wa mawu ngati hutala ya lole, ndipo ntchito yake inali kuthandiza madalaivala kukiliya katundu wawo kuti adutse. Mapepala onse ankalembedwa pa kompyuta imodzi yakalekale. Pa kompyutapo pankakhala mayi wina wa ku Mavwere, wamasiye wa ana atatu, amene ankatayipa osayang'ana n'komwe pa kiyibodi. Iye ankanditcha achimwene, ine ndinkamutcha amayi, pakuti anali wamkulu kwa ine.

Kompyutayo inkadwala mwezi ndi mwezi. Dalaivala aliyense ankabwera ndi fulashi yake, ndipo fulashi iliyonse inkabwera ndi mavairasi ake. Nditatopa nazo, ndinafufuta zonse n'kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe sagula, imene aliyense angathe kuitenga, kuisuzumira m'kati ndi kuisintha mmene akufunira.

"Zaulerezi sizitipweteka, a injiniya?" anafunsa abwanawo. Dzina la injiniya ankandipatsa mondiseka, koma ine ndinkalilandira ndi manja awiri.

"Zikakupwetekani mudzandiitane," ndinayankha motero.

Chimene chinandivuta chinali kamodemu ka intaneti, konga fulashi, kolowetsamo simu khadi. Ndikakabaya, makina ankakaona ngati chimbale cha nyimbo, osati modemu. Ndinalimbana nako masana onse, mpaka ndinapeza kafayilo kouza makinawo kuti mlendoyu ndi ndani. Getsi la kamodemu litasanduka lobiriwira ndinakuwa ndekha m'kontenamo. Chifukwa cha chisangalalo ndinawonjeza nzeru zina ziwiri zomwe palibe anandipempha. Ndinauza modemu kuti izidzisankhira yokha netiweki iliyonse yamphamvu, intaneti isamaduke. Ndinauzanso makina kuti maapudeti, tizigamba tatsopano tomwe opanga pulogalamu amatumiza, azikoka okha nthawi ya thwelofu masana, anthu akapita kokadya, kuti asamachedwetse ntchito. Ndinachoka pamenepo mapewa ali m'mwamba, ndipo miyezi inadutsa osamva dandaulo lililonse.

Lachinayi lina m'mawa ndinangoona mayi uja waima pakhomo la shopu yanga. Sanafikepo chiyambire. Ndinamupatsa mpando, koma anangokhala pamphepete pake, chikwama atachigwira ndi manja onse awiri.

Nkhani yake inali iyi. Abwana ankathira mayunitsi a mwezi wonse mu simu khadi ya modemu, n'kumagula bandulo sabata ndi sabata kuchokera pa mayunitsi omwewo. Tsono katatu konse anapeza mayunitsi atasesedwa mwezi usanafike pakati. Anayamba kuzonda. Ankaona zotsala m'mawa, n'kuonanso akabwerako kokadya, ndipo anapeza kuti mayunitsi amazimiririka nthawi ya nkhomaliro. Nthawi imeneyo mu ofesi munkatsala munthu mmodzi yekha, mayiyu, chifukwa iye sankapita ku lesitilanti. Ankanyamula mbatata yophika kuchokera kunyumba n'kudyera pa desiki. Abwana sanafunse zambiri. Anatuluka naye panja, pamaso pa madalaivala ndi osintha ndalama, n'kumukalipira kuti ndi wakuba, amatumiza mayunitsi ku foni yake. Anamuuza kuti Lachisanu madzulo asiye makiyi.

"Ntchito ikhoza kutha, achimwene, ndikalima mtedza kwathu," anatero. "Koma dzina langa. Ndikamadutsa, anyamata osintha ndalama aja amabisa mafoni awo m'matumba uku akuseka. Ine amene ndimaimba kwaya kutchalitchi? Makina aja munaika ndinu. Ngati amaona zimene zimachitika, kawafunseni."

Ndinene zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero. Pamene ankalankhula, mumtima mwanga ndinkati mwina watengadi, ana atatu si masewera. Kukayikira makina anga sikunandifikire m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinalonjeza kupita mawa lake chifukwa chongomumvera chisoni.

Ndinafika pa boda Lachisanu cha m'ma naini. Magetsi anali atathima kuyambira mbandakucha, koma ofesiyo inali ndi sola ndi batire, choncho kompyuta inali yoyaka. Mayi uja anali pa benchi pafupi ndi chitseko. Kapu yake ya tiyi ndi chitenje chomwe ankayala pa mpando anali atazilongedza kale m'jumbo. Abwana anali pa foni, anangondikodola ndi mutu.

Chabwino cha makina amenewa n'chakuti amalemba zonse zimene achita, tsiku ndi ola lake, m'buku lawolawo lomwe timalitcha logi. Ndinatsegula windo lakuda lolembamo malamulo, n'kuitanitsa zonse zokhudza modemu za masabata atatu. Mizere inatsika yambirimbiri. Ndinayamba kuwerenga mwaulesi, ngati munthu wodziwa kale yankho. Modemu ikalumikizana ndi netiweki imalemba nambala ya netiwekiyo, ndipo za kwathu kuno zimayamba ndi 650. Ndinaona 650, 650, 650. Kenako pa Lachiwiri lina, cha m'ma leveni, ndinaona 645. Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinapeza 645 ina, ndi inanso. Imeneyo ndi nambala ya ku Zambia.

Ndinafunsa mayiyo masiku amene magetsi anathima nthawi yaitali, ndipo amene anakumbukira anagwirizana ndi a m'logimo. Ndinafunsa abwana kuti simu khadiyo inachokera kuti. Anati inali yawo yakale, yomwe ankayenda nayo ku Chipata, yotsegulidwa kuti izigwira ndi kutsidya komwe.

Apa zonse zinaonekera poyera. Magetsi akathima kwa maola ambiri, nsanja ya netiweki ya mbali yathu inkafooka n'kukhala chete. Modemu, pomvera lamulo langa, inkalumphira ku nsanja ya ku Zambia, yomwe pa boda paja ili pafupi zedi. Kutsidyako bandulo yathu sigwira ntchito, intaneti imadya mayunitsi enieniwo pa mtengo wa alendo. Makalata a m'mawa ankangonyenyako pang'ono. Koma ikakwana thwelofu, makina ankayamba kukoka maapudeti akuluakulu, pomveranso lamulo langa, mayi uja ali pambali akudya mbatata yake osadziwa kanthu. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wa nyumbayo tsiku limenelo ndinali ine.

Manja anga anali kale pa kiyibodi. Kukonza kwake kunali kwa mphindi ziwiri, ndipo palibe akanadziwa chimene ndasintha. Ndikanatha kudzuka n'kunena kuti sindinapeze chilichonse. Dzina langa pa boda likanatsala loyera, ndipo maofesi ena awiri amene ndinkawakonzera makina sakanamva kanthu. Koma ndinaona mapeto ake. Mayiyo akanachoka madzulo amenewo, mayunitsi akanasiya kutha kuyambira Lolemba, ndipo boda yonse ikanati mwaona, wakuba wachoka, kuba kwatha. Ndinatembenuka kumuyang'ana. Sanali kundiyang'ana ine, ankayang'ana jumbo yake.

"Bwana, tabwerani muone," ndinatero. "Amayiwa sanatenge kanthu."

Ndinawaonetsa mizere ija, ndinafotokoza za nsanja ziwiri, za bandulo, za thwelofu koloko. Anamvetsera mpaka pakati, kenako anaseka kuseka kwa mwano.

"A injiniya, makina munaika nokha, lero makina omwewo akhale mboni? Tinambala timeneti mukhoza kutilemba nokha. Mayiyu dzulo anali kwanu, ndamva. Mwapangana."

Ine ndikudziulula ndekha, munthu n'kumati ndikunama! Ndinaimirira mpaka mpando unagwa.

"Chabwino. Thirani mayunitsi pang'ono mu simu khadimo, muone ndi maso anu kuti alimo angati. Tonse tituluke. Mukhome loko wanu, kiyi muike m'thumba lanu, foni ya amayiwa muisungenso inu. Ikakwana hafu pasiti thwelofu mutsegule. Mukapeza mayunitsi ali momwemo, ine pa boda pano musadzandionenso."

Bwanayo anali munthu wokonda gulu, ndipo zimenezi zinamukomera. Anatuma munthu kukagula mayunitsi, anaika simu khadi m'foni yake, anathira, anawerenga zotsala mokweza kuti aliyense amve, n'kuibwezera yekha m'modemu. Itatsala pang'ono kukwana thwelofu anakhoma chitseko, ndipo tinakaima pansi pa mtengo wa kesha moyang'anana ndi kontenayo.

Pa boda nkhani siyenda pansi. Posakhalitsa panali madalaivala, osintha ndalama, amayi ogulitsa nthochi, ndi akabaza atatsamira njinga zawo, onse kuyang'ana chitseko chokhoma ngati mutuluka nyama.

"Ba bosi, nichani ichi?" anafunsa wosintha ndalama wina wa kutsidya. "Mwakhomela kawalala mukati?"

Anthu anaseka. Mayi uja sanaseke. Anaima payekha chapatali pang'ono, manja atapinda pachifuwa.

Ndinali nditaona kuti modemu ili pa 645, ndiponso kuti pali maapudeti odikira chifukwa mayunitsi anali atatha masiku apitawo. Koma magetsi akanayaka nthawi imeneyo, nsanja yathu ikanadzuka, modemu ikanatha kubwerera kwawo, ndipo ine ndi mayiyo tikanasanduka abodza awiri. Maso anga anali pa babu la pakhonde la golosale yoyandikana nayo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutukwana kuthima kwa magetsi, koma masana amenewo ndinapemphera ndi mtima wonse kuti asayake. Mphindi makumi atatu zija zinatalika kuposa ulendo wa ku Lilongwe.

Babu silinayake. Nthawi itakwana abwana anatulutsa kiyi, analowa okha, anatuluka ndi kamodemu m'manja. Anachotsa simu khadi pamaso pa onse, anaiika m'foni, anadina manambala. Anayang'ana. Anadinanso kachiwiri. Dalaivala wina wachikulire anasuzumira paphewa pawo n'kukuwa kuti, "Zapita! Mwatsala fumbi lokha!"

Phokoso limene linabuka pamenepo sindidzaliiwala. Amayi a nthochi analulutira, akabaza analiza mabelu. Ine ndinakweza manja kuti andimvere.

"Mayunitsi amenewa sanabe munthu. Amadya ndi makina, ndipo amene anawauza kuti azidya ndine. Ndinaika malamulo awiri osaganiza kuti pano ndi pa boda. Amayiwa avutika chifukwa cha kudziwa kwanga."

Ndinkayembekeza kuti andiseka, ndipo anandisekadi, wina mpaka anati injiniya wawolotsa mayunitsi opanda pasipoti. Koma mumtima munali mopepuka zedi. Ndinalowa mu ofesi anthu akusuzumira pakhomo. Ndinalemba lamulo loletsa modemu kugwira netiweki ya dziko lina, zivute zitani, ndipo ndinaikhomerera pa netiweki yathu yokha. Ndinathimitsa maapudeti odzikoka okha, kuti ndizidzawaika ndekha ndikabwera. Titabayanso modemu, getsi lake linangophethira osagwira, chifukwa nsanja yathu inali ikadali chete, ndipo ndinauza abwana kuti kuli bwino kudikira magetsi kusiyana ndi kudyetsa anansi. Anang'ung'udza, koma sanatsutse. Sindinanyadirepo ntchito ya manja anga ngati mmene ndinanyadira mizere itatu imeneyo.

Abwana anatulutsa foni ya mayi uja m'thumba n'kumupatsira mu ofesi momwemo, nkhope atayang'ana kumbali.

"Basi amayi, zatha. Khalani pa mpando wanu, ntchito ilipo yambiri," anatero motsitsa mawu, mwina koyamba chibadwire.

Mayiyo analandira foniyo ndi manja awiri, mwaulemu wake wa masiku onse, koma sanakhale.

"Bwana, zakuba zija simunandiuzire muno. Munandiuzira panja."

Ndinaganiza kuti abwana aphulika, pakuti khosi linali litatupa kale. Anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinayang'ana kiyibodi. Kenako anatuluka, mayiyo ali pambuyo pawo, n'kukaima pakhomo pomwe gulu linali lisanabalalike.

"Mayi awa sanabe. Ndinawanamizira. Pepani, amayi."

Mayiyo anayang'ana kutsidya la msewu, kumene osintha ndalama ena anali atabwerera kale pa malo awo.

"Nenaninso, bwana. A uko sanamve."

Ndipo bamboyo anakoka mpweya, n'kunenanso ndi mawu ake onse, mpaka madalaivala a pa mzere wa malole anatulutsa mitu m'mawindo. Ine ndinali m'kati, misozi ikugwera pa kiyibodi, ndikuseka.