Anyezi wa M'dambo wa Amai Selestina

Amai Selestina Sakala anafika kuno ku Chongwe kuchokera ku Katete pa 3 Ogasiti 1976. Ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsewu, ndipo zomera za m'dambo ankazidziwa kuposa nkhope za anthu. Ine ndinakhala nawo moyandikana zaka makumi anayi.

Pa 14 Januwale 1981 anabereka mwana wamwamuna wakufa kale. Mwana wotere amaikidwa ndi azimayi okhaokha m'mphepete mwa dambo, m'dzenje losazama. Salira maliro, saikapo chizindikiro. Koma patatha sabata, Amai Selestina anapitako okha mobisa, nakwirirapo chomera chimene ife timangoti anyezi wa m'dambo.

Si anyezi weniweni. Pansi pali kachibulumwa kolimba, kokutidwa ndi ulusi ngati wa saka. Masamba ake ndi owongoka ngati mipeni. Maluwa ndi ofiira, kukhosi kwachikasu, ozolika, ndipo onse amayang'ana mbali imodzi. Amamera m'udzu momwe khasu silinafikemo. M'chilimwe amauma n'kusoweratu, moto n'kudutsa pamwamba, iye ali moyo pansi.

Iwo sanabwererekonso. Malowo ankawadziwira chulu chimene chinali pafupi.

M'chaka cha 2022 dambo lija linadulidwa mapoloti, cha kufupi ndi Silverest, ndipo chulu chinasalazidwa. Poloti ya m'mphepete anagula Ba Terrence, wogwira ntchito m'boma ku Lusaka. Pa 21 Novembala, Amai Selestina atamva kuti maziko akumbidwa sabata yomweyo, anandiuza chinsinsi chawo, ndipo tinapita limodzi kukaonana ndi Ba Terrence pa polotipo.

"Mwana wanga, nipempha muyembekezeko mpaka Januwale," iwo anatero. "Nifuna nichotse mwana amene ninaika apa, asagone pansi pa simenti."

"Amai, apa palibe manda. Ninafunsa."

"Munafunsa amuna."

Ba Terrence anaseka pang'ono. "Manje muzamupeza bwanji? Muli na mapu?"

"Azaonekera yekha."

Anavomera, mwina chifukwa cha imvi zathu.

Pa 9 Januwale 2023, cha m'ma teni m'mawa, tinabwererako atatu, ife awiri ndi Ba Terrence. Amai Selestina ananyamula khasu ndi chitenje chatsopano. Kunalibe mphepo. Titadutsa waya wotchinga poloti, iwo anaima.

Silinali duwa limodzi. Ndinawerenga kawiri: mapesi khumi ndi asanu ndi awiri, ataima pamzere m'mphepete mwa dambo, motalikirana phazi limodzi limodzi. Kwina konse kunalibe. Onse anazolikira kumudzi.

"Nani anabzala aya?" Ba Terrence anafunsa motsitsa mawu.

Ndinayamba kukumbukira azimayi a m'mudzi mwathu amene anatuluka m'chikuta manja ali lende. Regina, 1979. Ednah, kawiri, 1984 ndi 1986. Aliyense anakwirirapo anyezi mobisa, akuyesa kuti anachita yekha.

Amai Selestina anayenda mzere wonse pang'onopang'ono, akuwerama pa phesi lililonse. Pamapeto anatula khasu.

"Siniziba wanga ni uti. Nikakumba, nizautsa wa munzanga."

Anapinda chitenje chija, tinabwerera kunyumba.

Ba Terrence anamanga nyumba yawo kumtunda, pafupi ndi msewu, ndipo mbali ya kumunsi salimako. Amai Selestina anamwalira pa 2 Julayi 2024. Sanadziwe kuti mwana wawo ndi uti, koma simenti sinamufike.