Tsiku limene ndinalasa katapila

Fungo la masuku linandipeza dzulo pa Msika wa Tsoka, ukali wakale n'kudzuka. Kanani ngati mukufuna, anyamata, koma ine ndinamenyanapo ndi katapila, chigalimoto chogwetsa mitengo chija.

Likulu likubwera kuchokera ku Zomba, kwathu kunali thengo la masuku, nthudza ndi mateme, ndipo msuku wanga unkakanda mitambo. Katapilayo atabwera kudzalambula thengolo, ndinkamuyesa chilombo choti chimamva kuwawa, ndiye ndinamulasa pamphumi ndi legeni.

"Choka, mwana wa mfiti iwe, ndikupera!" anakalipa dalaivala.

"Mukapere agogo anu," ndinatero.

Thengo lonse analisalaza n'kudzalapo kapinga ndi bulugama, zinthu zosadyedwa. Agalu amenewo sindinawakhululukire mpaka lero. Chimene ndimakubisirani n'chakuti dalaivala uja atangoliza hutala ndinathawa kabudula atanyowa, ndipo msuku wanga unagwa ine ndili m'nkhokwe ya amayi.