Chaka Chimene Adada Sanafese Nazale

Chiguduli chija ndimachikumbukira ndi mphuno. Zinali ziguduli zakutha za mabelo a fodya, zimene adada anazilumikiza ndi singano yaikulu yosokera mabelo mpaka zinakhala chinsalu chimodzi. Pakona pena khoswe anali ataboola. Muchichape, muchiyanike padzuwa sabata yonse, fungo la fodya wa bale silinkachoka, ndipo ukagonamo unkadzuka ukuyetsemula, m'mutu muli mbuu ndi tiulusi. Adada ankachitcha tenti. Mpaka lero thiraki ya fodya ikandidutsa pamsewu ndimaima kaye, ngati wina wanditchula dzina.

Ndiyambe ndi zimene ine panthawiyo sindinkadziwa, ngakhale mudzi wonse unkadziwa. Adada anali mkamwini. Kwawo kunali kumpoto, chakumalire ndi Mzimba, kumene anthu amayankhula Chichewa ndi Chitumbuka chomwe, ndipo n'chifukwa chake ine ndinkati adada pamene anzanga ankati atate. Anabwera kudzakhala kwathu kwa Kaomba, n'kumalima pamunda wa akuchikazi. Chaka chimenecho banja lawo ndi amayi linali litatha. Ankhoswe anakhala pansi n'kugwirizana kuti fodya akatha kugulitsidwa, mvula yoyamba isanagwe, adada anyamuke. Kwathu mwamuna akamachoka amatenga zovala zake, bulangeti ndi njinga. Mwana amatsala, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Kwawo kwa adada mwana amakhala wa bambo, koma pokhapokha ng'ombe zitaperekedwa, ndipo adada ng'ombe sanapereke. Ine ndinali mwana wawo yekhayo, mtsikana wa Sitandade 4 wa miyendo ngati mapesi. Wolakwa anali ndani pa awiriwo, musandifunse. Mlandu umenewu ndinauweruza zaka zambiri mumtima mwanga, ndinatopa nawo.

Chimene ine ndinaona n'chakuti adada sanafese nazale. Mwezi wa Seputembala amuna onse ankalawirira kudambo ndi ndowa zothirira, m'mawa ndi madzulo, kukasamala mbande za fodya. Adada okha anali pakhonde, njinga atayiimika chadodolido, akuthira oyilo m'tcheni. Nditawafunsa anati, "Chaka chino tikupuma, mwana wane." Ndinasangalala kwabasi. Kupusa kwake! Munthu wosafesa nazale ndiye kuti mvula sidzamupeza pamalopo. Koma ine ndinangoona kuti adada anga ali ndi nthawi, pamene atate a anzanga analibe.

Masiku omwewo aphunzitsi anatiphunzitsa za chipululu. Anajambula pabolodi milu ya mchenga ndi ngamira yooneka ngati mbuzi yotupa msana, n'kunena kuti kuli maiko kumene munthu amayenda masiku osaona mtengo, mpaka mchengawo kukathera m'nyanja ya madzi amchere. Ndinafika nayo kunyumba nkhaniyi ndili wefuwefu. Adada anaseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi akowo sanayende," anatero. "Chipululu chili konkuno, nyanja iliponso. Loweruka ndikakuonetsa."

Amalume atamva anabwera, ndipo anakana mpando umene amayi anawapatsa. Ndinawamva ndili kuseri kwa nkhokwe, koma ndinkayesa akudandaula kuti ndizijomba kutchalitchi.

"Alamu, yendani naye, sitikukanizani. Koma Lamulungu dzuwa lisanalowe mwana akhale ali pano. Ndipo kwanu musakalowe naye."

"Ndamva, alamu. Sindikalowa naye."

Amalume sanali munthu wankhanza, ndiwaikire kumbuyo pamenepa. Ankaopa kuti abale a adada akandiona sakandibweza, ndipo zoterezi zinali zitachitikapo kwa ena.

Tinkanyamuka Loweruka kukungocha. Chiguduli chinkapindidwa n'kumangidwa pakaliyala ndi mphira wa chubu, ine n'kukhala pamwamba pake ngati pakhushoni. Kumahandulo kunkalendewera chigubu cha madzi, chitini chophikira tiyi, ndi kathumba ka mbatata, mtedza ndi chigumu. Amayi sankayankhula ndi adada masiku amenewo, koma chigumucho ankaphika ndi iwo. Tinkachipeza pawindo, chokutidwa bwinobwino m'tsamba la nthochi.

Msewu wa tala tinkaupewa. Tinkadzera m'tinjira ta ngolo, kulunjika kumpoto, phiri la Kasungu likucheperachepera kumbuyo kwathu. Ndipo chipululu chinalipodi. Amene sanaone minda ya fodya mwezi wa Okutobala sangamvetse. Mitengo inatha kalekale, inapita ku zigafa ndi kuzipilala zake. Mapesi anazulidwa, moto wa osaka mbewa unadutsa, ndipo kunkatsala dothi lokhalokha, lofiira apa, lakuda ndi lupsa apo, kufika kumene maso alekezera. Mpweya unkachita kunjenjemera pamwamba pa mizere. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Kamvuluvulu akadzuka, adada ankafuula kuti ndigwiritse, ndi mphepo ya m'chipululu imeneyo, ndipo ng'ombe iliyonse yowonda imene tinkakumana nayo inali ngamira. Msana wawo unali kutsogolo kwanga tsiku lonse, malaya atamatirira ndi thukuta, mchere utalemba mizere yoyera m'mapewa. Sindinayambe ndadziwapo msana wa munthu ngati umenewo.

Nyanja inali damu la pa esiteti ina, lotsala theka ndi chilimwe. M'mbali mwake munali matope ong'aluka ndi kamchenga pang'ono, ndipo adada anati limenelo ndiye gombe. Anathyola nthambi ziwiri za bulugamu, anazizika, anamangapo chingwe, n'kuponyapo chiguduli, m'mphepete n'kutsindira ndi miyala. Ine ndinathamangira kukalawa madzi, n'kubwerako nditakwiya.

"Adada, mwandinamiza! Mulibe mchere."

Anatsegula kapepala ka mchere wodyera mbatata, anatsinako, anakawaza m'damu muja mwaulemu ngati abusa, n'kunena kuti ndikalawenso. Ndinaseka mpaka kugwa chagada m'matope. Kutacha tinadzuka chiguduli chili chinyontho, akakowa ataima m'madzi, tiyi akununkha utsi. Ndikanena kuti ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la ubwana wanga sindikuwonjeza.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandinyansa pa maulendowa, mafunso. Sabata iliyonse tinkadzera njira yomweyomweyo, kungoti tinkapitirira pang'ono pamene tinalekezera. Ndipo pamphambano iliyonse adada ankatsika, n'kuima.

"Nthowa ni iyi panji iyi?" ankafunsa m'chikwawo, kutanthauza kuti njira ndi iti.

Ndikaloza yolakwika sankandikonza ayi. Tinkapita nayo ndithu, dzuwa likutiwamba, mpaka ine ndekha nditaona kuti chigayo cha malata ofiira sichikuoneka, ndiye n'kubwerera. Ndinkalira ndi mkwiyo. Ndinawauza kuti ndatopa ndi mayeso, kusukulu mayeso, kuchipululunso mayeso? Iwo ankangondipukuta kumaso ndi chipewa chawo n'kuti tiyambirenso. Chigayo cha malata ofiira, kumanzere. Mkuyu wopsa mbali imodzi, osakhota. Mjigo wa patchalitchi, kumwa madzi ndi kudzaza chigubu, ngakhale usakumva ludzu. Ndinkaziloweza ngati katekisimu, pakamwa patatalika.

Tayala likaphwa ndi minga adada ankakhala pamthunzi wa chulu, manja atapinda, ine ndikulimbana ndi chubu. Kuchipopa, kuchiyandikiza patsaya kuti ndimve pamene mpweya ukutulukira, kukwecha ndi mwala, kupaka guluu, kudikira aume. Ndinkati ndi ulesi, ndipo ndinawauza pamaso pawo kuti ndikawaneneza kwa amayi. Pamalo osalala ankanditsitsa pakaliyala kuti ndipalase ndekha. Miyendo sinkafika ndikakhala pachishalo, choncho ndinkalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati, njinga itapendekeka, iwo akuthamanga m'mbuyo. Maondo anga ali ndi zipsera za chaka chimenecho mpaka pano.

Titayamba kufika kumtsinje wa Dwangwa, mtsinjewo unali utasanduka mchenga wokhawokha, woyera, wootcha kumapazi. Pamenepo ngakhale aphunzitsi akanavomera kuti ndi chipululu. Matayala ankatitimira, tinkakankha awiri. Adada anandionetsa kufukula mchenga ndi manja mpaka madzi ozizira atayamba kutuluka pansi. Kutsidya kwake anthu anayamba kutiyankha m'Chitumbuka, ndipo adada anasiya kupempha madzi okha, ankandituma ine. Ndinkagwada pabwalo la eni n'kunena mwamanyazi, "Monire, nkhupemphako maji." Amayi ena anafunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinatembenukira kwa adada, koma iwo anayang'ana kumbali mpaka nditatchula ndekha dzina lawo ndi la agogo, atate awo.

Ulendo womaliza mitambo inali itayamba kuunjikana kum'mawa, masuku akugwa okha m'tchire. Loweruka lonse tinapalasa osaima padamu, ndipo pamphambano zonse sindinalakwe ngakhale pamodzi. Tinamanga tenti patsogolo kwambiri kuposa kale. Lamulungu m'mamawa adada anandidzutsa, tinasiya katundu, n'kukwera kamtunda kena wapansi. Kumusi kwake kunali mudzi, mitengo ya mango itazungulira nyumba, khola la ng'ombe lili pambali, utsi ukukwera.

"Nyumba ya njerwa iyo, pafupi ndi khola, ukuiona?"

"Ndikuiona."

"Ndi ya agogo ako. Inenso ndinabadwira pamenepo."

Ndinalumpha. Ndinali ndisanawaonepo agogo amenewo. Ndinawagwira dzanja adada n'kuyamba kuwakoka kuti titsetsereke, mpafupi pomwepa, tingokapereka moni. Sanasunthe. Panatuluka mayi wokalamba m'nyumba muja ndi tsache, anayamba kusesa pabwalo atawerama. Dzanja la adada linafinya langa mpaka kupweteka. Anaima nthawi yaitali, ndipo anaponya phazi limodzi kutsogolo, ndinaliona ndi maso angawa. Lero ndikudziwa chimene chinali pa phazi limenelo. Akanangotsika nane, palibe akanandichotsako mosavuta, ndipo akanakhala ndi mwana wawo. Koma anali atalonjeza alamu awo, ndipo kunyumba kunali amayi, amene nawonso analibe mwana wina.

"Lero ayi, mwana wane," anatero. "Dzuwa litithera. Koma yang'anitsitsa."

Ndinawanyanyalira njira yonse yobwerera. Sindinagwire m'chiuno mwawo, ndinagwira zitsulo za kaliyala, ndipo atandipatsa chigumu ndinakana. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, kuti tsiku lomaliza kukhala kumbuyo kwa msana uja ndinaliwononga ndi kunyanyala. Tinalowa m'mudzi dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Amalume anali ataima pamphambano ya kwathu, ndipo zinkaoneka kuti aimapo nthawi yaitali. Atationa anavula chipewa, n'kupereka moni kwa adada ndi manja awiri.

Njira ija ndinadzaiyenda ndekha nditamaliza Sitandade 8, ndipo kuyambira pamenepo tchuthi chilichonse mpaka adada atamwalira. Chigayo chinali chitasintha malata, mkuyu anali ataudula, koma sindinasochere. Amalume sanandiletse. Iwo analetsa bambo kutenga mwana, za mwana wopita yekha panalibe ananenapo kanthu.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Sabata yomwe ija ya ulendo womaliza, Lachinayi, ndinabwera kusukulu n'kupeza pamsomali pamene pankakhala jekete la adada palibe kanthu. Amayi anali kuseri kwa nyumba akupeta chimanga chopetapeta kale. Anati adada apita kwawo, ndipo anapita wapansi kukakwera galimoto kumsewu. Ndinafunsa kuti abwera liti, amayi anangopitiriza kupeta.

Ndinazungulira kuchigafa, ndipo njinga inali pomwepo, itatsamira chipilala. Chiguduli chinali chopindidwa pakaliyala, pampu ndi kachitini ka guluu zitamangidwa pamwamba. Chishalo chinali chotsitsidwa mpaka pansi penipeni, ndipo pamapedulo onse awiri panali timatabwa tosema bwino, tomangidwa ndi waya. Ndinakwera. Kwa nthawi yoyamba mapazi anga anafika ndili chikhalire.

Ndinapalasa kuzungulira bwalo ndikuliza belu, nkhuku zikubalalika, ndikufuula ndi chimwemwe chonse.

"Amayi! Amayi! Adada aiwala njinga! Ndiye kuti abweranso!"

Amayi anaika lichero pansi. Anayang'ana chishalo, anayang'ana timatabwa tija, kenaka anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Ine ndinapitiriza kuzungulira, ndikudabwa kuti munthu wamkulu ngati adada, amene sankaiwala ngakhale mchere, angaiwale bwanji njinga yathunthu.