Mtengo wa Njira ya M'mwamba

M'zaka zija za makuponi, kuchokera ku Kapelula mpaka pa Boma panalibe wondiposa kunenerera mtengo. Mavenda akandiona ankayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Chaka china feteleza pa Chamama anatha tidakali pamzere, ndiye kuponi yanga ndinakaombolera ku Kasungu. Matumba awiri. Kumunda chimanga chinali chitayamba chikasu, ndipo mayi akunyumba anandiuziratu kuti ndibwere ndi matumba, osati nkhani.

Nzeru yoipayo ndinaitenga kwa alamu anga, munthu amene anakwera ndege kamodzi kokha, atanyamulira bwana wake chikwama kuchokera ku Karonga kupita ku Mzuzu, koma mpaka lero amayang'ana kumwamba ngati kuli abale ake. Ankati pamsewu ulendowo umatupitsa mapazi, pomwe m'mwamba anafika tiyi asanazizire. "Mtunda weniweni ndi waufupi, alamu. Misewu amaikhotetsa dala kuti amagalimoto azitidyera."

Ndinapita nazo zimenezo kwa dalaivala wa kalole ka matola, kachiphakasa ka chitseko chomangira chingwe. Atatchula mtengo wake ndinaseka mokweza kuti okwera onse amve.

"Achimwene, mukundilipiritsa makhotakhota? Kwathu pandege ndi apa pompa. Ndilipira mtunda weniweni."

"Madala, ndege munaionapo ya kwanuko?"

"Inu galimoto munaionapo? Ichi ndi chigafa chamatayala."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Mkuluyo anandiyang'ana, n'kulandira theka lomwe ndinatulutsa. Ndinakhala pamatumba anga ngati mfumu, ndikuphunzitsa amayi awiri kagulidwe ka zinthu.

Pali malo pamene msewu umapatuka kuzungulira dambo lalikulu. Pamenepo anaimitsa, n'kutsitsa yekha matumba anga mwaulemu wonyansa.

"Mabulugamu mukuwaona tsidya lija si kwanu? Njira yanu ya ndege ndi imeneyi, bwana. Ingolunjikani. Ife amakhotakhota tapita."

Amayi aja sanandiyang'ane n'komwe. Kumadzulo kunali kutada bii, ndipo feteleza akanyowa amasanduka phala. Ndinavula jekete n'kufunditsa matumba, ine n'kukhala pambali ngati mlonda wa maliro.

Mvula itayamba kuwaza panatulukira bambo wina ndi ngolo ya ng'ombe. Ndinayesa kunenerera, iye anangoloza kumwamba ndi chikwapu. Ndalama anakana. Ankafuna ndowa yodzaza ya feteleza, ndipo anatunga yekha, n'kutsendera ndi chibakera ine ndikuona. Kenaka anafunditsa matumbawo ndi pepala la pulasitiki, ndipo tinanyamuka kutsata msewu womwe uja wokhota.

Kuseri kwa dambo tinakapeza kalole kaja katatitimira m'matope mpaka m'mimba, okwera onse atathawira m'chigafa cha fodya. Dalaivala anathamangira ngolo yathu.

"Akuluakulu, tibwerekeniko ng'ombezi, tikoke pang'ono!"

Ndinamuyankha ndine, ngakhale ng'ombe sizinali zanga: "Ingolunjikani, bwana." Ndinamva kuti anatulukamo patapita masiku awiri, supuling'i ya kaloleko itathyoka.

Matumba anafika ouma, koma limodzi lili lophwa. Feteleza anathera pakati pa munda, ndipo mizere yakumunsi inabereka tizitsononkho tonga zala. Mayi akunyumba anakolola mbali imeneyo padera, n'kuika m'lichero pakhomo kuti aliyense wodutsa afunse. Dalaivala uja anagona m'matope, ine ndinagula chimanga mu Febuluwale. Inu mukuti anapambana ndani?